Ulendo wa pa Ilala itatha ngongole ya nyumba

Palibe munthu wokulira m'mbali mwa nyanja amene sadziwa Ilala. Ana amaidziwa ndi kulira kwa hutala yake, asodzi amaidziwa ndi magetsi ake ikamadutsa usiku. Koma mutafunsa kuti ndi angati adaikwerapo kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ndi kubwerako, mudzapeza kuti ndi owerengeka zedi. Ambiri amakwera madoko awiri kapena atatu, atanyamula matumba a usipa kapena akuthamangira kumaliro. Chowalepheretsa si mtengo wa tikiti wokha ayi. Ulendo wonsewu umadya pafupifupi sabata yathunthu, ndipo munthu wa pa ntchito ya pamwezi sabata yotere alibe. Tchuthi chake chimathera ku matenda, ku maliro ndi ku maukwati, ndipo ngati ali ndi ngongole ya nyumba, masiku otsalawo amawathera pa maganyu.

Ine ndi mayi a kunyumba tidayenda ulendowu mwezi wa Okutobala, mwera utaleka, ndili ndi zaka 54. Panali patatha chaka chimodzi chipumireni pa ntchito, ndi zaka zingapo chimalizireni kubweza ngongole ya nyumba yathu ya mu mzinda wa Blantyre.

Tidakwerera ku Monkey Bay Lachisanu m'mamawa. Sitimayi ndi yachikulire kuposa ambiri a ife. Idapangidwa ku Scotland, pafupi ndi mzinda wa Glasgow, m'chaka cha 1949, ndipo idabwera kuno ili zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique. Adailumikiza ku Monkey Bay komweko, niyamba kuyenda mu 1951. Dzina lake idatengera kwa Ilala yoyamba, kasitima ka amishoni kamene kadalowa m'nyanja ino mu 1875. M'litali ndi mamita 52 okha, koma zimene imameza nzodabwitsa: simenti, malata, shuga, njinga, nkhuku, matumba a chimanga, ndi anthu okhala pamwamba pa katundu wawo pansi ponse. Ife tidatenga malo a pamwamba, pomwe munthu amayala mphasa kapena matiresi nkugona akuyang'ana nyenyezi.

Tisanafike ndi ku Senga Bay komwe, mayi wina wa geni ya nsomba zouma, amene adakwera pamwamba kudzapitidwa mphepo, adatifunsa kuti, "Bambo, mukutsikira doko liti?" Ndidati, "Sititsika, mayi, tikungoyenda kuona nyanja." Adatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. "Kungoyenda? Nanga ntchito mwasiyira yani? Kapenatu anzathu ndinu olemera." Mayi a kunyumba ndi amene adamuyankha: "Olemera ayi, achemwali. Kungoti palibe amene akutidikira pa 30." Funso limeneli tidafunsidwa pafupifupi pa doko lililonse, ndipo ndikudziwa kuti inunso owerenga mukufunsa lomwelo, choncho ndiliyankhe bwinobwino tisanapitirire kumpoto.

Ngongole ya nyumba ili ndi khalidwe limene ambiri sitiuzidwa tsiku losayina mapepala. Tiyerekeze ndi nambala zosavuta. Munthu wakongola K10 miliyoni kuti abweze pa zaka 20, chiwongoladzanja chili 25 peresenti pa chaka. Banki idzamuuza kuti azipereka pafupifupi K210,000 pa mwezi. Pa ndalama imeneyi, mwezi woyamba K208,000 ndi ya chiwongoladzanja, ndipo imene ikuchepetsa ngongole yeniyeniyo siikwana ndi K2,000 yomwe. Akapirira zaka 20 zonse, adzakhala atapereka ndalama zoposa K50 miliyoni. Tsono taonani chimene chimachitika akangowonjezera K50,000 pa mwezi, nkumapereka K260,000. Ngongole yomweyo imatha pa zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, ndipo zonse zimene wapereka zimangopitirira pang'ono K20 miliyoni. Aliyense amene ali ndi mwana wa Folomu 4 amupatse nambalazi awerengere, adzapeza zomwezo. Chinsinsi nchakuti ndalama yowonjezerayo yonse imakadula ngongole yeniyeni, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chimawerengedwa pa ndalama yocheperapo. Chofunika nkufunsa ku banki, ndipo akuyankheni polemba, ngati ndalama yowonjezera amaiika pa ngongole yeniyeni ndiponso ngati pali chilango kwa wobweza msanga.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ili ndi mbali ina. Riba ndi yoletsedwa, ndipo mabanja ambiri a kunyanja amaipewa pomanga pang'onopang'ono: chaka chino kuwotcha njerwa, chaka chamawa malata, chaka chinacho mawindo. Njira imeneyi ndi yabwino koposa kwa amene ali ndi malo. Koma m'tauni alipo abale athu ambiri amene adalowa kale m'ngongole yotere chifukwa chotopa ndi lendi, ndipo kwa iwowa mwezi uliwonse umene achotsa pa zaka za ngongole ndi mwezi umene atuluka m'chinthu chowasowetsa mtendere mumtima.

Kodi yowonjezerayo imachokera kuti? Kwathu idachokera ku zinthu zosasangalatsa kuzifotokoza. Galimoto sitidagule, ngakhale anzanga a ku ofesi adali nazo. Mayi a kunyumba adali m'chipereganyu, ndipo ikafika nthawi yawo yolandira, ndalama yonse inkapita ku banki tsiku lomwelo isanagone m'nyumba. Malipiro akakwera, tinkadya monga kale, ndipo chokwereracho chinkatsata njira yomweyo. Chovuta kwenikweni chidali abale. Munthu wa pa ntchito m'tauni ndi nkhokwe ya mudzi wonse, ndipo sungauze mayi ako odwala kuti adikire banki. Tidagwirizana kuti ya makolo, ya matenda ndi ya fizi siikhudzidwa. Zopempha zinazo zinkayankhidwa kuti ayi, ndipo ena adatitcha aumbombo kwa zaka ndithu.

Ena amati kuli bwino kusunga ndalamayo m'buku la ku banki kudikira ukalamba. Ine sindigwirizana nawo. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adasunga ndalama zake m'buku adaona zikusungunuka ali maso. Nyumba siisungunuka choncho. Ngongole itatha, ndalama imene inkapita ku banki tidamangira kanyumba kuseri, kamene pano muli alendi. Penshoni nayo imathandiza. Lamulo la penshoni la 2011 lidalamula kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, koma ndalama imeneyi payokha singadyetse banja limene likulipirabe denga. Ndionjezeponso kuti kupuma msanga si kwa aliyense. Ife tidadikira mpaka chitsirizira chathu chitamaliza sukulu, ndipo tidawerengeranso kuti chithandizo cha chipatala cha ku ntchito chimathera pa geti tsiku lotsanzika.

Tidafika ku Nkhotakota kunja kutada. Kumeneku sitima imaponya nangula patali ndi gombe, ndipo anthu amatsikira m'maboti awiri amene imanyamula m'mbali mwake. Zimene zimachitika pamenepo ziyenera kuonedwa ndi maso. Boti likuvina pa mafunde, amuna akuponyerana matumba, mayi wa mwana kumsana akutsika makwerero achitsulo ndi dzanja limodzi, linalo atagwira ndowa, ndipo pafupi ndi gombe onse amalumphira m'madzi ofika m'mawondo. Gogo wina adachita kunyamulidwa ngati thumba la mpunga, akulira ndi mantha. Ndidamuyang'ana nkuwerenga zaka zanga. Ngongole yathu ikadayenda zaka zonse zimene zidalembedwa pa mapepala, bwenzi ndikugwirabe ntchito mpaka mawondo atatha, ndipo ulendo uno umafuna mawondo.

Nkhotakota ndi malo amene mbiri yake imatikhudza. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolokera tsidya la kum'mawa kumene njira inkalunjika ku Kilwa. Anthu ake adabweretsa Chisilamu, Chiswahili ndi ulimi wa mpunga umene bomali limatchuka nawo mpaka lero. Zombo zomwezo zidanyamulanso minyanga ya njovu ndi akapolo ambirimbiri, ndipo mbali imeneyi sitiyenera kuibisira ana athu. Ulamuliro wa a Jumbe udathetsedwa ndi Angerezi m'zaka za m'ma 1890. Anthu a kuno amalozabe mkuyu umene amati David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe mu 1863.

Likoma ndi Chizumulu tidangozidutsa popita, tili ndi maganizo otsikapo pobwerera. Ku Nkhata Bay sitima imakhalitsa, choncho tidatsika kukadya kondowole ndi nsomba ya batala. Pafupi ndi jeti mpamene asilikali a boma la atsamunda adaombera anthu pa 3 Malichi 1959, pomwe khamu lidasonkhana kufuna kumasula atsogoleri awo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Adafa anthu osachepera 20. Tchuthi cha pa 3 Malichi ndidachidya zaka zambiri ndili mu Blantyre, koma malo ake ndidawaponda tsiku limeneli.

Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanja imasintha nkhope. Ife ozolowera magombe a mchenga a ku Mangochi ndi Salima timadabwa kuona mapiri akugwera m'madzi mwachindunji, madziwo ali bii chifukwa cha kuya. Chigawo chimenechi ndicho chozama kwambiri m'nyanja yonse, pafupifupi mamita 700. Midzi ya Usisya ndi Ruarwe idakakamira m'tsinde mwa mapiriwo. Ku Ruarwe anthu amadalira nyanja pa pafupifupi chilichonse, ndipo tsiku la sitima mudzi wonse umatsikira ku gombe. Ngalawa zimazungulira Ilala ngati nyerere pa shuga, ena akulandira mchere ndi sopo, ena akukweza wodwala. Chakumtunda, kufupi ndi Chitimba, ndi kumene sitima ya Vipya idamira mu Julaye 1946, nyengo ya mwera, nkupha anthu 145. Amalinyero akamadutsa pamenepo salankhula zambiri. Ku Chilumba tidafika madzulo, sitima idagona pang'ono, nitembenuka usiku womwewo.

Pobwerera tidatsika pa Likoma. Chilumbachi nchaching'ono, munthu wamphamvu atha kuchiyenda kuchokera kumpoto mpaka kumwera tsiku limodzi, ndipo ngakhale ndi cha Malawi, madzi ochizungulira ndi a Mozambique. Mapiri a tsidya lija amaoneka pafupi kwambiri moti madzulo utsi wa m'midzi ya ku Cobue umaoneka bwinobwino. Nthaka yake ndi ya miyala, yodzala ndi malambe akuluakulu, ndipo chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima. Pakati pa zonsezi pali tchalitchi cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican adayamba kumanga mu 1903 nkumaliza mu 1911. Kukula kwake pa kachilumba kotere kumaimitsa munthu wa chipembedzo chilichonse. Mkulu wina wosamalira malowo adatizungulitsa mwaulemu, ndipo ataona chipewa changa ndi mpango wa mayi a kunyumba adangoti, "Takulandirani, alendo athu, lowani muone ntchito ya makolo."

Wotsika pa Likoma pobwerera, ngati akufuna Ilala yomweyo yopita kumwera, amadikira sabata ina. Anzathu awiri a pa ntchito amene tidacheza nawo m'sitima adachiyang'ana chilumbacho ali pamwamba, nkupitirira, poti Lolemba linkawadikira. Ife tidapeza chipinda pa nyumba ya alendo yotsika mtengo, tinkagula usipa wauwisi kwa asodzi m'mawa ndi kuphika tokha. Pa sabata yonseyo tidaononga ndalama zochepa kuposa zimene tikadaononga tili kunyumba m'tauni. Masana tinkakhala pansi pa mlambe, mayi a kunyumba akuphunzira kwa amayi a kumeneko kanyikidwe ka chinangwa cha kondowole, ine ndikuthandiza nkhalamba ina kusoka chilimira, ntchito imene ndidaisiya ndili mnyamata.

Tsiku la 30 la mweziwo lidatipeza komweko. Kwa zaka zambiri limeneli lidali tsiku limene banki inkadula gawo lake malipiro asanafike m'manja mwanga. Chakumasana foni idalira m'thumba. Adali alendi athu a kanyumba ka kuseri, atatumiza lendi pa foni, nkufunsanso ngati tikubwera sabata ino poti mpope wa panja ukudontha. Ndidawayankha kuti aitane pulambala, tidzachotsera pa lendi ya mwezi wamawa, chifukwa sitima ifika mawa lake usiku ndipo tisanapite ku Blantyre tikatsikira kaye ku Nkhotakota kukagula mpunga.