Oyilo wa Njinga Yogona

Kwathu ku Malawi njinga yamoto sidziwa tchuthi. Kuyambira Januwale mpaka Disembala imakhala ili pamsewu, kaya m'fumbi la Okutobala, kaya m'matope a Febuluwale, ngakhale m'kachisanu ka Juni kamene timadandaula nako ngati kuti dziko latha. Ikaima ndiye kuti yafa, kapena mwini wake wasowa ya petulo. N'chifukwa chake munthu wakwathu amaseka akamva kuti kuli maiko kumene njinga yabwinobwino amaitsekera m'nyumba miyezi inayi, ndiponso kuti asanaitsekere amayamba aithira oyilo watsopano. Oyilo watsopano wa chiyani, poti njingayo sikupita kulikonse? Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake ndinalimva kwa munthu amene pa nthawiyo lilime linali kumulemera.

Munthuyo ndi amalume anga, amene ndimakhala nawo pafupi kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Asanabwere kuno anali mlangizi wa zaulimi ku Ntchisi, ndipo midzi yonse ankaizungulira pa njinga yamoto. Atakhazikika kuno anagula Honda CG125 yakalekale, yolizira ndi mwendo, namapitira ku ntchito. Koma chaka chilichonse, Novembala akangolowa, njinga ija inkalowa m'kagalaji. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu Disembala dzuwa la ku Glasgow limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo 4 koloko isanakwane limakhala litalowa. Madzi amaundana pamsewu n'kuterera koposa therere, ndipo a khonsolo amamwaza mchere kuti madziwo asungunuke. Mcherewo umapulumutsa anthu, koma chitsulo umachidya ndi dzimbiri.

Mu Okutobala amalume anagwa ndi sitiroko, ndipo mbali yakumanja inafooka. Amene anakwerapo njinga yamoto akudziwa tanthauzo la zimenezi. Dzanja lamanja ndilo limapotokola moto ndi kugwira buleki yakutsogolo. Mwendo wamanja ndiwo umaliza injini ndi kuponda buleki yakumbuyo. Pabanja tinakhala pansi, ndipo azakhali ananena mawu amene aliyense anali nawo mumtima: njingayo igulitsidwe, ndalama zithandize pakhomo. Panalibe wowatsutsa. Koma nditapita kukawazonda amalume kuchipatala, anandikodola ndi dzanja lamanzere, nalimbana ndi mawu kwa kanthawi.

"Mphwanga," anatero potsiriza, "oyilo. Usinthe oyilo isanagone."

"Amalume, njingayotu sikuyenda. Bwanji tidzasinthe mukadzachira?"

"Chimanga umathira mankhwala liti? Anankafumbwe atadya kale?"

Umu ndi mmene mlangizi amaphunzitsira. Pa masiku angapo otsatira, mawu awiriawiri, atatuatatu, anandifotokozera zimene zimachitika m'mimba mwa injini. Petulo akamapsa satulutsa utsi wokha, amatulutsanso nthunzi ya madzi, ndipo lita imodzi ya petulo imabala madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri mwa madziwo amatuluka ku ekizozi, koma ena amazembera m'mbali mwa pisitoni pamodzi ndi mwaye ndi petulo wosapsa, n'kukagwera mu oyilo. Kumeneko amasakanikirana n'kupanga asidi. Oyilo watsopano amakhala ndi mankhwala opha mphamvu ya asidiyo, koma mankhwalawo amatha pang'onopang'ono. Njinga ikamayenda tsiku ndi tsiku, kutentha kumauluza madzi aja. Ikaima miyezi inayi, madzi ndi asidi zimakhala phee pa zitsulo zosalala za m'kati, n'kumazidya mwakachetechete. Kunja njinga ikhoza kumawala ndithu, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho Loweruka lina ndinavala chijasi n'kulowa m'kagalaji kaja, pepala la malangizo lili m'thumba. Poyamba ndinaiyendetsa njingayo kwa theka la ola kuti injini itenthe, pakuti oyilo wozizira ndi waulesi ngati phala la dzulo, pamene wotentha amatuluka mothamanga atanyamula zinyalala zake zonse. Kenaka ndinaitsuka bwinobwino kuti pasatsale matope kapena mchere, n'kuipukuta mpaka kuuma. Ndinaiimika pa sitandi yapakati, ndinatchera beseni pansi, n'kumasula ndi sipanala. Oyilo amene anatuluka anali bii, wonunkha petulo. Injini ya CG125 ili ndi kasefa kawaya kogwira zinyenyeswa. Ndinakatsuka, n'kukabwezera, n'kumanga mosamala, chifukwa chitsulo cha pamenepo n'chofewa ndipo ukakakamiza mazinga ake amatha. Oyilo wolowa m'njinga imeneyi sapitirira lita imodzi. Ndi wochepa zedi poyerekeza ndi ntchito imene amagwira. Wakale uja ndinamutsanulira m'chigubu n'kukamusiya kumalo a khonsolo olandirirako zinyalala, poti kuno oyilo satayira m'ngalande kapena pansi.

Pa mtundu wa oyilo amalume sanalole zokambirana. Anati ndigule 10W-40 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pachigubu. Chilembo cha W chija chimanena za nyengo yachisanu: nambala yoyamba imasonyeza mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amalimbira injini ikatentha. Chifukwa chokanira oyilo wa galimoto n'chakuti m'njinga zambiri oyilo mmodzi yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilatchi. Oyilo wina wa galimoto amamuika mankhwala oterereretsa kwambiri, ndipo kilatchi ikasamba m'menemo imayamba kuphonya. Nditathira watsopanoyo ndinaliza injini pang'ono kuti afike paliponse, kenaka n'kuzimitsa.

Nkhani ya petulo inawaseketsa amalume kwa nthawi yoyamba chigonere m'chipatala. Kuno ku Britain petulo wamba anasintha mu Seputembala 2021 kukhala wotchedwa E10, amene gawo limodzi mwa magawo khumi likhoza kukhala ethanol, ndipo eni njinga zakale anadandaula kwambiri. "Ife tinayamba 1982," anatero amalume, pokumbukira ethanol wa ku Dwangwa amene Malawi wakhala akusakaniza ndi petulo kuyambira chaka chimenecho. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu petulo sagona m'thanki. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo petulo akakhalitsa madziwo amatsikira pansi n'kuyambitsa dzimbiri. Mankhwala ake ndi kudzaza thanki mpaka pakamwa kuti mpweya usowe malo, kutseka kampopi ka petulo, ndi kukhetsa wotsalira m'kabuleta, chifukwa ameneyo akauma amasiya utomoni wotseka timabowo tating'ono ngati diso la singano.

Zotsalazo zinali zing'onozing'ono. Ndinamasula pulagi, ndinadonthezera kasupuni ka oyilo pabowo lake, n'kuponda cholizira pang'onopang'ono kuti oyiloyo apake khoma la m'kati. Tcheni ndinalidzoza. Matayala ndinawapopa mokwanira. Ku ekizozi ndinatsekako ndi kansanza kuti chinyezi ndi makoswe zisapeze nyumba. Batire ndinalichotsa n'kulowa nalo m'nyumba, popeza batire lofooka likagona pachisanu limafa msanga, ndipo limafuna kulitchaja mwezi ndi mwezi. Pofunda ndinaifunditsa nsalu yakale ya pabedi, osati pulasitiki, amene amasunga thukuta m'kati. Pomaliza tinadziwitsa a DVLA, ofesi yoona za magalimoto, kudzera m'chikalata chotchedwa SORN, kuti njingayo yachoka pamsewu ndipo isalipire msonkho.

Lamulo lomaliza ndilo linali lovuta kulisunga. "Usamaidzutse," anatero amalume. Anthu ambiri, chifukwa cha chikondi, amapita m'galaji sabata iliyonse kukaliza injini kwa mphindi zisanu, poganiza kuti akuithandiza. Komatu mphindi zisanu zimakwanira kubala madzi, sizikwanira kuwauluza. Chitsulo chimafunda pang'ono, kenaka chimazizira, nthunzi ija n'kusanduka mame m'kati mwa injini ndi mu ekizozi. Wochita zimenezi akadzatsegula chotsekera cha oyilo amapeza zoyera zonga chambiko zitamatirira. Ngati sungathe kuiyendetsa mpaka itenthe kwenikweni, ndi bwino kuisiya igone.

Amalume anatuluka m'chipatala Khirisimasi isanafike. Tsopano pakhomo pawo pali odwala awiri, ndipo mankhwala awo ndi osiyana. Wa m'galaji safuna kumugwedeza; wa pampando safuna kumusiya. Anamwino ophunzitsa ziwalo anawapatsa kampira koti azikafinya, ndipo m'mawa uliwonse amakafinya mpaka thukuta, zala zikunjenjemera, nkhope itakwinyika. Tsiku lina ndinawaona akupotokola dzanja lija mumpweya, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu powonjezera moto. Atandiona analeka, n'kuyamba kufunsa za mpira. Madokotala sanalonjeze kanthu, ndipo kuti munthu amene anadwala sitiroko abwerere pamsewu zimadalira chigamulo chawo, osati kufuna kwake. Amalume akuzidziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Usiku wina anandisimbira mbiri ya njinga yawoyo. Pakati pa zaka za m'ma 1970, akatswiri a Honda anayendera maiko osauka a ku Asia n'kupeza kuti anthu amakweza katundu wopyola muyeso, ndipo oyilo amamusiya mpaka atalimba, osapita kwa makaniko kufikira njinga itaima. M'malo modzudzula anthuwo, iwo anapanga injini yopirira nkhanza, ndiyo CG125. Njinga zambiri za ku China zimene anyamata a kabaza akuyendetsa kwathu lero zinatengera injini yomweyo. "Ndiye ona, mphwanga," anatero, "inapangidwa kuti ipirire. Koma chinthu chikakhala chopirira, anthu amaiwala kuti nachonso chimatha." Sindinawafunse ngati ankanena za njinga yokha. Ndinangokumbukira zaka zonse zimene anagwira ntchito usiku ndi usana, akulipirira sukulu ana a abale awo kumudzi, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Azakhali sanabwerezenso za kugulitsa, ngakhale kuti mavuto a ndalama sanathe. Iwonso anaona kuti nkhani ya oyilo inali njira ya amalume yonenera kuti sanagonje. Munthu amene wataya mtima salamula kuti agulire njinga yake oyilo watsopano. Ndipo ngakhale zitadzavuta, njingayo n'kupita kwa mwini wina, idzapita ndi injini yamoyo, pamtengo woyenera, osati ngati chiphakasa. Mbali zonse ziwiri, lita imodzi ija sinapite pachabe. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala, anatero makolo. Sanatchule tsiku lake, anangoti khosilo lisungidwe.

Pakhoma la kukhitchini kwa amalume pali kalendala, ndipo pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse pali chizindikiro chokhotakhota, cholembedwa ndi dzanja lamanja. Ndilo tsiku lotchaja batire. Ntchito imeneyo anaikana kundipatsa. Amati timawaya tiwiri tija, kofiira ndi kakuda, adzitimanga okha, ngakhale ziwatengere theka la ola. A khonsolo akadzaleka kumwaza mchere, cha kumapeto kwa Malichi, tagwirizana kuti ine ndidzachotsa nsalu ndi kansanza ka ku ekizozi, ndidzabwezera batire ndi kutsegula kampopi ka petulo. Za amene adzaponde cholizira sitinakambirane.