Ulendo Wofuna Mdima ku Chileka ndi ku Lirangwe

Mudzadabwa pakumva kuti munthu wamkulu, woyamba kale kumera imvi, anataya ndalama za ulendo ndi tulo ta usiku chifukwa cha kufuna mdima. Pakuti mdima suli wosowa m'dziko lathu lino, ndipo ambiri a ife tidandaula nawo masiku onse. Koma tamvani m'mene zinayambira.

Mlongo wanga akhala ku Ndirande, ndipo ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 12, wobadwira komweko. Pa tchuthi cha Pasaka mnyamatayo anadza kudzacheza kwathu ku Chileka. Tsiku lina alikuwerenga buku lache la sukulu, anapeza mau akuti Mlalang'amba, nandifunsa, nati: "Amalume, kodi Mlalang'amba uli m'dziko liti?" Iye anayesa kuti ndi mtsinje wa kutali, monga Zambezi kapena Limpopo. Ine ndinaseka, koma nditatha kuseka manyazi anandigwira, pakuti pa mwambo wathu mwana wa mlongo ndi wa malume, ndipo chimene iye sadziwa mlandu wache uli pa ine. Tsono ndinalonjeza kuti ndidzamuonetsa ndi maso.

Ndinayesa kuti nchito yache njapafupi. Usiku womwewo tinaturuka, tinaima pa dambo la kuseri kwa nyumba zathu. Ha! Ndinaona chimene sindinachisamale zaka zonsezi. Chileka ali pa mtunda wa makilomita ngati 16 kuchokera mu mzinda wa Blantyre, ndipo kale tinkati kuno nkumudzi. Koma tsopano nyali za pa bwalo la ndege ziwala mbali yina, nyali za pa mipanda ya nyumba zatsopano ziwala mbali yina, ndipo cha kumwera chakum'mawa, ku mbali ya phiri la Michiru ndi mzinda, thambo lonse liri mbuu, monga ngati kulinkucha nthawi yosayenera. Nyenyezi zikuluzikulu zinalipo ndithu, koma Mlalang'amba unali ngati utsi wa moto wozima dzulo. Mnyamatayo anayang'ana mwaulemu, nati, "Ndaona, Amalume." Koma ndinadziwa kuti wangondichitira chifundo.

Chifukwa chache nchakuti kuwala kwa nyali yosabvundikira sikugwa pansi pokha ai. Kwina kukwera kumwamba, nikugunda pfumbi, utsi ndi chinyezi za mu mpweya, nikubwerera m'maso mwathu. Pamenepo nyenyezi zazing'ono zimira, monga mau a mwana amira pakati pa ng'oma. Bvuto ili silathu lokha. Akatswiri amene anajambula mapu a kuwala kwa usiku pa dziko lonse analengeza m'chaka cha 2016 kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse pansi pano sangathe kuona Mlalang'amba ali kwao. Ngakhale ansembe ophunzira za nyenyezi a ku Vatican anasauka nalo. Nyumba yao yoyang'anira thambo, imene Papa Leo XIII anaikhazika mu 1891, inali mu mzinda wa Roma. Nyali zitachuruka anaisamutsira ku Castel Gandolfo mu 1935. Kumenekonso kuwala kunawatsata, kufikira mu 1993 anaimika mandala ao akulu pa phiri la Graham ku Arizona, tsidya la nyanja. Ngati iwo anathawa ulendo wotero, ine ndikanakana bwanji ulendo wa ku Lirangwe?

Koma poyamba ndinaganiza za malo ena apafupi. Pa phiri la Michiru mtima unakana, pakuti muli afisi, ndiponso uli pamwamba pache mzinda wonse ukuwalira m'maso. Njira ya kumadzulo, yotsikira ku Mpatamanga pa mtsinje wa Shire, iri ndi mdima wabwino. Koma kumeneko ndiribe wondidziwa, ndipo mdima wa kwa eni suufuna wekha. Ku Lirangwe ndiko ndinali ndi mnzanga amene tinaphunzira naye pamodzi ku seminale, amene tsopano aphunzitsa pa sukulu ya m'mudzi.

Nthawi nayonso iyenera kusankhidwa. M'dzinja mitambo itseka. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba utsi wa moto wa tchire ndi pfumbi zidetsa thambo, kotero kuti dzuwa lomwe lilowa lofiira ngati mbale yamkuwa. Miyezi yokoma ndiyo Meyi, Juni ndi Julayi, pokhapokha chiperoni chisabwere. Ndipo chiperonicho chikonda mapiri a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, koma chifooka potsikira ku chigwa cha Shire. Mwezi nawonso ukhale mumdima. Chaka cha 2025 mwezi unafa pa 25 Juni, tsono tinanyamuka Lachisanu pa 27.

Za njira sindichurutsa mau. Tinafika pa Lunzu, tinakwera minibasi ya pa mseu waukulu wa ku Zalewa, ndipo dziko linayamba kutsika ndi kufunda, milambe niyamba kuoneka m'minda. Pa Lirangwe pali msika, pali njanji imene inamangidwa kuchokera ku Blantyre nifika ku Salima mu 1935, ndipo pali mphambano ya njira ya ku Chingale. Pa msika pomwepo sipayenera nchito yathu, chifukwa cha nyali za m'magolosale ndi za magalimoto akulu oyenda usiku wonse. Tinakwera njinga za kabaza, tinalowa njira ya ku Chingale, phiri la Zomba liri patsogolo pathu, kufikira phokoso la mseu linatha.

Apa ndiyenera kunena chinthu cholemera, ndipo musachipeputse. Tisanayale mphasa, mnzanga ananditengera kwa amfumu. Inu nonse mukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe nifika m'boma lathu la Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala alendo. Munthu wachilendo woima pa bwalo pakati pa usiku, nayang'ana kumwamba, nalozaloza ndi chala, anthu adzamuyesa chiani? Amfumu anatimvera mofatsa, natifunsa kawiri kuti, "Aphunzitsi, mwati nyenyezi zokha basi?" Ndipo atakhutira anatuma mnyamata kukauza mudzi wonse. Chotsatira chache nchakuti m'malo mwa anthu atatu tinakhala khamu: ana, amai ndi makanda kumbuyo, ndi agogo ena aakazi, amai ao a amfumu, amene anati sangalole kuti za kumwamba zikambidwe iwo palibe.

Tinakhala pa bwalo la mpira la pa sukulu, pakuti mpoyera, palibe mitengo yotchinga, ndipo njoka sizikonda pamalo popanda udzu. Kamwezi kakhanda kanalowa msanga. Ndinapempha onse kuti azime matochi ndi kubisa mafoni, chifukwa diso lifuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala kwa kamphindi kamodzi kubweza nchito yonseyo pambuyo. Ana anabvuta pang'ono, koma agogo aja atakalipa kamodzi kunali zii.

Ndimo thambo linayamba kudzala. Sindidziwa kunena bwino. Poyamba uwerenga nyenyezi. Pambuyo pache uleka, pakuti pakati pa ziwiri zimene unaziona paturuka zina khumi. Akuti diso la munthu pa malo a mdima weniweni liona nyenyezi zoposa 2,000 nthawi imodzi. Cha kumwera Mtanda unaima chiriri, ndi nyenyezi ziwiri zowala zoulozera. Ndipo kuchokera pa Mtandawo njira yoyera inakwera, yotakata, yong'ambika pakati ndi mizere yakuda, ninka ikula cha kum'mawa kumene kunali Chinkhanira ndi nyenyezi yache yofiira. Pofika 11 koloko pokhuthala pache panali pamutu pathu penipeni. Ife a m'dziko lino tiri ndi mwai umene a ku Ulaya alibe, pakuti kwao chigawo chimenechi chingokwawa m'munsi mwa thambo.

Mnyamata wanga anakhala nthawi yaitali osanena kanthu. Potsiriza anandigwira dzanja, nanong'oneza, nati: "Amalume, mtambo uwo sudzatitsekera nyenyezi?" Ndinati, "Mwanawe, umenewo si mtambo ai. Ndiwo Mlalang'amba." Ndipo ndinamuuza zimene bambo wina wansembe anatiphunzitsa ku seminale: kuti utsi woyerawo ndi nyenyezi zosawerengeka zotalikira koposa, kuti dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo, ndi kuti mizere yakudayo ndi pfumbi lotchinga za kuseri. Ndinamlozera yowala koposa mwa ziwiri zolozera Mtanda, imene ophunzira aitcha Alpha Centauri. Kuwala kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku dzuwa kufika kuno kutha mphindi 8. Koma kuchokera ku nyenyezi imeneyo, imene iri mnansi wathu wapafupi, kutha zaka zoposa 4. "Kuwala kumene kulowa m'diso lako tsopano," ndinatero, "kunanyamuka iwe uli ndi zaka 8."

Apo agogo aja anatsokomola, nati: "Aphunzitsi, za makilomita tamva. Nanga akazi a mwezi muwadziwa?" Ndinabvomera kuti ndinamva kale koma ndaiwala. Tsono anatiuza kuti mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wache wa kumadzulo ndiye Puikani, nyenyezi ya madzulo, amene amphikira bwino, nchifukwa chache mwezi ukaoneka kumadzulo unka nunenepa. Wa kum'mawa ndiye Chekechani, nyenyezi ya m'mamawa, waulesi ndi womana, ndipo mwezi ukafika kwa iye uonda kufikira kufa. Amai onse anaseka, nayamba kulozana. Ine ndinafuna kunena kuti akazi awiriwo ndi mmodzi yemweyo, dziko lotchedwa Venus, limene lioneka miyezi yina madzulo ndi miyezi yina m'mawa. Koma ndinasunga mauwo kufikira m'mawa, pakuti si bwino kuthetsa ukwati wa mitala pamaso pa apongozi a mudzi wonse.

Chimene chinandilasa mtima ndi ichi. Ndinafunsa ana a m'mudzimo, amene agona pansi pa thambo lotere usiku uliwonse, kuti anditchulire dzina la nyenyezi ngakhale imodzi. Mmodzi yekha anati Nthanda. Nsangwe sanazidziwe, zimene makolo ankaona zikaturuka kum'mawa madzulo, cha mu Okotobala ndi Novembala, nadziwa kuti makasu akonzedwe. Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu za mumzere zija, sanawamvepo. Wa ku Ndirande ali ndi dzina m'buku koma alibe thambo. A ku Lirangwe ali ndi thambo koma maina alinkupita ndi agogo ao.

Anthu anabalalika pakati pa usiku chifukwa cha chisanu. Ife atatu tinafunda mabulangete, tinadya mbatata yootcha, tinagona pang'ono m'kalasi. Tambala woyamba atalira mnzanga anatidzutsa. Kum'mawa Nthanda inali itaturuka, yowala ngati nyali ya munthu wodza m'njira. Ndipo m'munsi mwache, pamwamba pa mdima wa mapiri, panali kagulu kothithikana konyezimira. Mnyamatayo anawerenga zisanu ndi imodzi, nalimbikira kuti aona yachisanu ndi chiwiri. Zimenezo ndizo Nsangwe, zoyamba kuonekanso m'mbandakucha zitabisala kuseri kwa dzuwa.

Potsazika, amfumu anatiuza mokondwa kuti mitengo ya magetsi yafika kale m'mudzi wa patsidya, ndi kuti iwonso ayembekeza. Ine sindinathe kuwafunira zina, pakuti ndaona ana akuwerenga pa koloboyi mpaka maso kufiira, ndipo magetsi a ku Nkula, amene anayamba mu 1966, apita pamwamba pa midzi yambiri zaka zonsezi osatsikamo. Ndinangowapempha kuti getsi la panja likadzafika adzalibveke chisoti, kuti kuwala kudzagwe pansi pamene pali miyendo ya anthu. Anati loyamba adzaliika pa mjigo, chifukwa cha amai otunga madzi kusanache. Za chisotizo anaseka, nati: "Chitini chache mudzabwere nacho ndinu, Aphunzitsi, ndi mwanayu adzachikhome."