Msomali wa m'Botolo Lachinayi

M'chaka changa chachiŵiri chophunzitsa pa koleji ndinaphunzitsa za dzimbiri monga momwe inenso ndinaphunzitsidwira. Ndinatenga mabotolo atatu ndi misomali itatu yatsopano, imene ndinayamba ndaikwecha ndi mchenga. M'botolo loyamba ndinathiramo madzi pang'ono, kuti msomali ukhale mbali ina m'madzi, mbali ina pamtunda. M'lachiŵiri ndinathiramo madzi oŵiritsa, amene mpweya unali utachokamo, ndi kuphimba pamwamba pake ndi mafuta ophikira. Lachitatu linali louma ndiponso lotseka zolimba. Mathero ake ndi odziŵika: pakapita masiku atatu kapena anayi msomali woyamba umafiira, pamene iŵiri inayo imakhalabe yoŵala, pakuti chitsulo sichichita dzimbiri pokhapokha madzi ndi mpweya wa okosijeni zitakumana pa icho.

Tsiku loona zotsatira litafika, ndinapeza mabotolo anayi pazenera. Lachinayilo anaikapo anali mnyamata wina wa ku Thyolo, munthu wofatsa amene kaŵirikaŵiri sanali kuyankhula m'kalasi. Iye anatola msomali wakale wadzimbiri nauponya m'tiyi wamphamvu wopanda shuga. Msomali uja unali utada bii ngati khala, ndipo tiyiyo anaoneka ngati inki.

"Pepani Aphunzitsi," anatero ataimirira, "nanga uwu wada chifukwa ninji? Kwathu mpeni ukasenda nthochi zaziŵisi umadanso chonchi."

Kunena zoona, yankho ndinalibe. Koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinaopa kuoneka wosadziŵa pamaso pa anthu amene ndinali kuŵakonzera ntchito ya uphunzitsi. Motero ndinati, "Limenelo ndi dzimbiri lomwelo, langodetsedwa ndi tiyi. Chotsani botololo, likusokoneza phunziro." Mnyamata uja analichotsa mwaulemu, anzake nalemba mau anga m'makope mwao.

Usiku umenewo mtima sunakhale pansi. Chimene chinandivuta kwambiri chinali chakuti bodza langa linali litaloŵa m'makope, ndipo makope a mphunzitsi amayenda ulendo wautali: zimene walemba lero adzaziuza ana kwa zaka makumi atatu. Ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti mnyamata uja anali atagogoda pa khomo la kafukufuku weniweni. M'masamba a tiyi, m'nthochi zaziŵisi ndi m'makungwa a mitengo yambiri muli mankhwala otchedwa tanini, omwe aja amachititsa m'kamwa kumva kuuma munthu akaluma chipatso chosapsa. Tanini akakumana ndi chitsulo cha m'dzimbiri amagwirana nacho, ndipo pamabadwa chinthu china chakuda, chosiyana ndi dzimbiri lofiira lija. Chimenechi ndicho chinali inki imene anthu a ku Ulaya analembera kwa zaka mazana ambiri, ndipo mankhwala ena ogulitsa m'sitolo, opaka pa chitsulo chadzimbiri chisanapentedwe, ali ndi tanini yemweyo. Ku South Africa amalima mitengo ya wattle chifukwa cha tanini wa m'makungwa ake.

Ndinapezanso kuti akatswiri a kemisitiri, makamaka ku Nigeria ndi ku India, akhala akuyesa madzi a masamba a nimu ndi a zomera zina pofuna kuteteza chitsulo. Njira yao ndi yosavuta kuimvetsa. Amapima kulemera kwa tizidutswa ta chitsulo, natiika m'asidi, tina pamodzi ndi madzi a masamba, tina popanda; kenaka amapimanso kuti aone kamene kadyeka kwambiri. Cholinga chao ndi kupeza choloŵa m'malo mwa mankhwala ena akale, monga a chromate, amene amateteza bwino chitsulo koma amayambitsa khansa.

Lolemba lotsatira ndinaima patsogolo pa kalasi ndi kunena kuti, "Tsegulani makope anu, mufafanize zimene ndinakuuzani za botolo lachinayi. Ndinalakwa, ndipo ndinayankha chimene sindinali kuchidziŵa." Ndinayembekeza kuti ulemu wanga utha pomwepo. Koma m'malo mwake manja anayamba kukwera, ngakhale a anthu amene chiyambire sanafunsepo kanthu. Tinagwirizana zoyesa ngati kuda kuja kumatetezadi chitsulo. Tinasonkhanitsa misomali yakale 12, ina kuti tiiviike m'tiyi wotentha, ina tiipake mafuta, ndi kuiyanika panja nthaŵi ya dzinja. Tisanayambe, mtsikana wina anafunsa kuti, "Nanga tidzadziŵa bwanji kuti wagwira ntchito ndi tiyi, osati kutentha kwa madzi?" Chifukwa cha funso lake tinaviika misomali inayi m'madzi otentha opanda kanthu. Phunziro la kuyerekeza koyenera, limene ndinali nditalilemba pa bolodi kangapo osamveka, linamveka tsiku limenelo.

Zotsatira zake sizinakometse mbali ya tiyi monga tinali kufunira. Misomali ya m'madzi okha inafiira msanga. Ya m'tiyi inalimba masiku angapo, koma mvula itaikantha mobwereza inayambanso kufiira. Yopaka mafuta ndiyo inapirira koposa. Ena anafuna kuti tilembe kuti tiyi wapambana, koma tinalemba zimene maso athu anaona: tanini amachedwetsa dzimbiri, koma amafuna penti kapena mafuta pamwamba pake.

Pa tchuthi ndinapita kumudzi ndi kupeza amayi akufutsa khwanya. Anaŵiritsa masambawo pang'ono, naŵayanika pa mphasa, ndipo atauma anaŵamanga m'chikwatu cha masamba a msuku ndi kuchipachika pamwamba pa moto. Nditafunsa chifukwa chimene amayamba aŵaŵiritsa, anaseka nati, "Mwananga, sukulu yonseyi osadziŵa zimenezi? Ukayanika aaŵisi amafumbutuka, ndiwo zake sizikoma." Apo ndinazindikira kuti adani a msomali ndi omwenso adani a chakudya, ndiwo madzi ndi mpweya. Kuŵiritsa kuja kumaletsa ma enzyme a m'tsamba amene amasintha mtundu ndi kakomedwe. Kuyanika kumachotsa madzi amene chuku ndi mabakiteriya sizingakhale popanda iwo. Mchere pa nsomba umakoka madzi a m'mnofu, ndipo poŵamba, moto umaumitsa pamene utsi umasiya mankhwala oletsa kuwola. Matumba otseka mpweya osungiramo chimanga amapha anankafumbwe popanda kuthira mankhwala, pakuti tizilomboto timamaliza tokha okosijeni wa m'thumba. Amayi sadziŵa maina ameneŵa, komatu si iwo okha anayamba kuchita asanadziŵe chifukwa. Nicolas Appert wa ku France anafalitsa mu 1810 njira yosunga chakudya m'mabotolo otseka ndi oŵiritsa, ndipo panapita zaka ngati 50 Louis Pasteur asanaonetse kuti chimaononga chakudya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso.

Tsono musaganize kuti ndikuti chilichonse cha makolo nchabwino. Chidulo chimafeŵetsa ndiwo ndi kusunga nkhuni, koma chimaononga vitamini C ndi vitamini B1. Masamba oyanika pa dzuŵa loŵala amataya vitamini A wambiri kuposa oyanika pa mthunzi podutsa mphepo. Mtedza wosungidwa usanaume umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiŵindi ndipo satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe. Poizoni ameneyu anadziŵika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza chochokera ku Brazil. Nzeru za kumudzi ndi za m'buku, zonse ziyenera kuyesedwa pa muyeso umodzi.

Ambiri a inu mudzatumizidwa ku sukulu zopanda chipinda choyesera za sayansi, ndipo mudzayesedwa kungolemba pa bolodi ana nakopera. Musatero. Mabotolo, misomali, mchere, phulusa ndi masamba zili paliponse. Ana angathe kuthira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma ndi kukhutchumula: mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume mokwanira kuti chisungidwe, ndipo nzeru imeneyi adzapita nayo kwao tsiku lomwelo. Angathe kufunsa chifukwa chimene malata amayamba dzimbiri pamene pakandika kwambiri kapena pamene zinki wokutira uja watha. Koma samalani: mwana asalaŵe chilichonse choyesera, asidi wa m'batire asaloŵe m'kalasi, ndipo masamba a mitengo yosadziŵika asagwiridwe.

Choposa zonse, mwana akabwera ndi botolo limene simunalikonzekere, musalichotse pazenera. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife aphunzitsi timakonda kunena mwambi umenewu kwa ana, chikhalirecho ndife timatseka pakamwa pa ofunsa. Kunena kuti "Sindikudziŵa, tiyeni tifufuze" kumaŵaŵa kwa kamphindi, koma sikuchotsa ulemu wa mphunzitsi. Msomali wakuda uja ndinaupempha kwa mwini wake pamene anamaliza maphunziro, ndipo chaka ndi chaka ndimauonetsa kwa kalasi yatsopano ndisanayambe phunziro la dzimbiri.