Chitsulo sichinama

Ndakhala ndikuwongola galimoto zogundidwa kwa zaka 23. Ndinayamba ndili mnyamata wokhula ndi sandipepala pagaraja ina ku Ndirande, ndipo lero ndili ndi shedi yangayanga ku Limbe. Anthu amandidziwa ndi nyundo, jeki, moto wa gasi ndi mfuti yopoperera penti. Koma galimoto ikabwera chokokedwa, mwini wake n'kunena kuti ili pa inshuwaransi, ndimauza anyamata anga kuti manja m'thumba. Pasapezeke womasula ngakhale bawuti imodzi. Ndimayamba ndajambula zithunzi mbali zonse, kenako n'kutenga cholembera ndi buku la makotesheni.

Kampani ya inshuwaransi imatumiza munthu wake, yemwe timamutcha asesa, kuti adzaone ndi maso ake mmene galimoto yaphwanyikira. Akapeza mwawongola kale fenda n'kumata fila, adziwa bwanji kuti panali bala lalikulu motani? Bambo wina anataya ndalama zake chifukwa cha phuma lotere. Anachita ngozi Lachisanu pa Lunzu, Loweruka anapereka galimoto kwa mlamu wake kuti aikonzeko pang'ono poti kunali ukwati, ndipo Lolemba ndi pomwe anapita kukampani. Anabwera kwa ine maso ali gwa, koma panalibe chomwe ndikanalemba, poti umboni unali utakwiririka ndi penti.

Kotesheni ndi umboni wanga, ndipo ndimailemba mosamala kuposa mmene ndimamenyera nyundo. Zooneka kunja aliyense angaziwerenge: bampa, boneti, nyali, galasi lakutsogolo. Luso lili pa zobisika. Ndimayendetsa chala mumpata wa pakati pa chitseko ndi fenda. Ukakhala wothina pamwamba, wotakasuka pansi, ndiye kuti mphamvu ya kugundako inalowa mpaka m'kati. Ndimagona pansi ndi tochi kuyang'ana miyendo ya chesisi, pomwe chitsulo chikapindika penti imasweka ngati chigoba cha dzira. Ndimakoka tepi mopingasa, kuchokera pangodya yakumanja kutsogolo kukafika yakumanzere kumbuyo, n'kubwerezanso mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, galimoto imeneyo idzayenda chammbali ngati nkhanu ndi kudya matayala, ngakhale itawala chotani. Zina zimaoneka pokhapokha tikamasula, monga redieta yosweka kumsana kapena waya wa ma airbag woduka, ndipo pamenepo ndimaimitsa ntchito n'kuitananso asesa ndisanapitirize.

Chitsulo chimaululanso zakale. Bala la dzulo limakhala loyera, lonyezimira. Bala la chaka chatha lili ndi dzimbiri m'mphepete, ndipo dzimbiri lotere silimera usiku umodzi. N'chifukwa chake ndimakana munthu akandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Amisiri, lembaninso chitseko chakumbuyochi, chinagundidwa kale koma sadziwa." Ena amati ndionjezere mtengo kuti ndikwirire excess, ndalama ija mwini galimoto amalipira yekha kampani isanaike zake. Ndimawayankha kuti, "Bwana, asesa naye ndi mmisiri. Akagwira bodza limodzi akayikira pepala lonse, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira chilichonse." Dzina langa lili pansi pa pepalalo. Likada, ana anga adya chiyani?

Za mapepala ndinene mwachidule. Dziwitsani apolisi kuti adzayeze malo a ngozi ndi kupereka lipoti, chifukwa popanda lipotilo nkhani siyenda. Imbirani kampani yanu tsiku lomwelo, osadikira kuti mtima ukhale pansi. Laisensi ya woyendetsa ndi COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, zikhale zosatha ntchito. Ndipo pamsewu paja musafulumire kulonjeza mnzanu wagundana nanu kuti mulipira zonse. Imeneyo ndi mbali ya kampani.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'kuona munthu akuphunzira tanthauzo la inshuwaransi yake ataima pambali pa galimoto yophwanyika. Lamulo la zapamsewu m'dziko muno limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi third party, ndipo ambiri amagula imeneyo pofuna kudutsa pa rodibuloko basi. Iyo imalipira munthu amene inu mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu. Galimoto yanu njanu. Kuti kampani ikonze yanunso, mpaka mukhale ndi comprehensive. Ndaonapo akuluakulu akukhala pansi pa tayala pano nditawafotokozera zimenezi. Ndiye pali amene wawagunda ndi wa kabaza wopanda pepala lililonse: mumulanda chiyani mnyamata yemwe njingayo si yakenso? Palinso eni Sienta omwe analemba kuti galimoto ndi ya pabanja koma ikunyamula anthu olipira pakati pa Blantyre ndi Zomba. Ngozi ikachitika okwera aja amanena zoona kupolisi, kampani n'kusamba m'manja.

Koma nkhani yomwe sindiiwala ndi ya mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, yemwe anachita zonse molondola. Anagula Vitz yochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, anaika comprehensive, ndipo chaka ndi chaka ankalipira mosadumphitsa. Mtengo wa galimoto womwe analemba papepala tsiku loyamba ndi womwe unakhalapobe. Pakati apo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ife zitsulo timagula zochokera kunja, ku Johannesburg, ku Dubai, ku Japan komweko. Penti, thina ndi fila nazo n'zakunja. Zonse zinakwera. Atagundidwa pa Ginnery Corner, kotesheni yanga, yoona ndi yopanda chowonjezera, inafika pafupi ndi mtengo wonse womwe unali papepala lake. Zikatero kampani imati galimoto yafa, kuikonza n'kutaya ndalama. Inalipira zomwe zinalembedwa, kuchotsapo excess, n'kutenga chigoba.

Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndalama izi ndigula nazo chiyani?" Ndinasowa chonena. Galimoto ija ndikanaikonza n'kuyenda zaka zina zambiri, chifukwa injini inali bwinobwino ndipo mwendo umodzi wokha wa chesisi ndi womwe unapindika. Ndalama zomwe analandira sizikanagula Vitz ina ngakhale yotopa. Palibe anamubera. Kungoti panalibe anamukumbutsa kuti nambala ija imafunika kuikweza pamene zinthu zikukwera, ndipo ine ndimaona kuti amene amagulitsa inshuwaransi ali ndi udindo wonena zimenezi momveka, m'Chichewa, nthawi yolipira ikakwana. Munthu akaona kuti kampani yamupondereza, ali ndi kodandaula: makampaniwa amayang'aniridwa ndi ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Koma ofesi imeneyo singasinthe nambala yomwe munasainira nokha.

Inu amene galimoto yanu ikuyenda bwino lero, tulutsani pepala la inshuwaransi madzulo ano. Onani ngati ndi third party kapena comprehensive, onani excess, onani mtengo wolembedwawo, kenako mufunse kwa ogulitsa galimoto kuti yonga yanuyo ikupita pa zingati. Zikasiyana, pitani mukakonzetse pepalalo mwezi uno, musanafike pashedi panga.