Manda a M'mbali mwa Msewu ku Chambishi

Munthu wocoka ku Kitwe kulinga ku Chingola, akayenda makilomita pafupifupi 30, amafika pa Chambishi, tauni yaing'ono ya mgodi m'boma la Kalulushi. Malole onyamula mkuwa sapuma pa msewu umenewu usana ndi usiku, ndipo apaulendo ambili amangopitilila osadziwa kuti m'mbali mwake muli mizele ya manda a anthu amene anafa tsiku limodzi.

Pa 20 April 2005 fakitale ya BGRIMM, imene inali kupanga mankhwala ophulitsila miyala pansi pa mgodi, inaphulika. Inali pa malo a mgodi, kufupi ndi tauni kumene mabanja a anchito anali kukhala. Anafa anthu oposa 40, onse ana a dziko lino. Matupi ambili sanathe kuzindikilika, kotelo kuti makolo analila pa mabokosi osatsegulidwa. Titaima pakati pa mandawo, cimene cinatigwila mtima ndi msinkhu wa omwalilawo. Ambili anali acinyamata, olembedwa nchito ya kanthawi cabe pa malipilo ocepa, ena asanamange n'komwe banja.

Tisafulumile kufunsa kuti, nanga analoleelanji nchito yoopsa cotele? Mgodi wa Chambishi unatsekedwa m'caka ca 1987, m'masiku a ZCCM, ndipo tauni inakhala ngati mudzi wa masiye. Kampani ya ku China inaugula mu 1998, mkuwa n'kuyambanso kutuluka mu 2003. Mnyamata amene anakula akuona atate ake ali khale pakhonde, kodi akanayamba wafunsa za citetezo asanalandile nchito? Ife a kum'mawa tidziwa bwino nkhani imeneyi, pakuti agogo athu nawonso anasiya makasu kwa Mpezeni ndi kwa Kawaza kukatsika m'migodi yomweyi, osafunsa zambili.

Bala limeneli silinapole msanga. Mu February 2007 mtsogoleli wa China, a Hu Jintao, anabwela ku Zambia, koma ulendo wao wa ku Copperbelt unalepheleka poopa mkwiyo wa anthu. Ngakhale n'telo mafakitale anapitiliza kumela mozungulila tauniyi, ndipo anthu afunabe nchito kumeneko, pakuti ndiko kucokela unga ndi ndalama za sukulu.

Tsoka lina linadza pa 18 February 2025, ulendo uno kudzela m'madzi. Damu losungilamo zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals linagumuka pa Chambishi pomwepo. Madzi akupha analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, cimanga cinapsa m'minda ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeledwa madzi a m'mipopi.