Kwa mphwanga wa ku George, pa nkhani ya mfuti ndi zipolopolo

Jumbe, Mambwe

Mphwanga wokondedwa,

 Amayi ako andiuza kuti ukufuna kupita kutchire la ku Mumbwa ndi anzako a ku Lilanda kukasaka nswala, ndipo ukufunsa zipolopolo zoyenera pisitolo ya 9mm imene umagwira pa ntchito yaulonda. Ndayamikira kuti wafunsa usanapite. Yankho langa ndi lakuti pisitolo imeneyo uisiye. Ndi ya kampani, ndipo chilolezo chake si cha kutchire.

Ndikudziwa kuti waona pa YouTube anthu a ku America akupha nyama zawo ndi mfuti za m'manja. Iwo amagwiritsa ntchito mfuti zazikulu monga .44 Magnum, amabisala pamtengo mpaka nyama itafika pafupi kwambiri, ndipo amakhala ataphunzira kuwombera zaka zambiri. Chipolopolo cha 9mm chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 360 pa sekondi, pamene cha .30-06 chimapitirira mamita 800, ndipo mphamvu yake imaposa ya 9mm pafupifupi kasanu ndi kawiri. Nswala ya m'dambo sikulola kuyandikira. Ukaiwombera ndi pisitolo uithyola mwendo kapena uiboola m'mimba, ithawa, ikafera kutali patapita masiku, afisi n'kudya. Ine zimenezi ndinaziona kambiri m'masiku a mfuti za gogodela, ndipo palibe mlenje woona amene amagona tulo atasiya nyama yovulala m'tchire.

Mfuti ya nyama ndi yaitali. Pa gwape, mbawala ndi nswala, .243 kapena .270 imakwanira. Ukafuna imodzi yogwira zonse mpaka ngoma ndi njiri, tenga .308 kapena .30-06, chifukwa zipolopolo zake sizivuta kupeza m'masitolo a mfuti. Njati usaiganize n'komwe popanda .375 ndi munthu wodziwa pambali pako. Chifefe ndi cha nkhanga.

Tsono umve bwino za mutu wa chipolopolo, pakuti apa ndi pamene achinyamata ambiri amalakwa. Pali chokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga, monga cha asilikali. Chimenecho chimangoboola kabowo kakang'ono n'kutulukira kwina, nyama n'kuthamanga mtunda wautali, magazi osaoneka pansi. Cholimba chotero, chimene amati solid, ntchito yake ndi mafupa a njovu ndi mvuu. Iwe pempha soft point, cha nsonga yofewa. Chikalowa m'thupi chimafutukuka ngati bowa, chimang'amba mapapo ndi mtima, nyama imagwa pafupi. Pa .30-06, cholemera 150 grain ndi chabwino pa nswala, 180 grain pa ngoma. Chopepuka kwambiri ndi chothamanga chimaphulikira paphewa n'kuononga nyama imene unafuna kudyetsa ana. Ndipo ukasankha mtundu umodzi, ukhale pomwepo. Mfuti imene unaiyesa ndi 150 siponya malo omwewo ukaikamo 180. Yesa pa pepala, pa mamita 100, usanaponde m'tchire. Loza kuseri kwa phewa, chapansi. Mutu usiye, chifukwa ukaphonya pang'ono uthyola chibwano, nyama ifa ndi njala.

Zipolopolo zambiri zili ndi mtovu m'kati, ndipo tizidutswa take timamwazika kuzungulira bala. Ukudziwa zimene mtovu wachita kwa ana a ku Kabwe, ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994. Dula nyama yonse yozungulira bala utaye, usaumire. Ukapeza zipolopolo za mkuwa wokhawokha, gula zimenezo ngakhale zikwere mtengo.

Usagule zipolopolo za m'thumba mwa munthu m'komboni. Sudziwa zaka zake, sudziwa ngati zinanyowa, ndipo kukhala nazo popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu pansi pa lamulo la mfuti, Cap 110. Nambala ya pansi pa chipolopolo ifanane ndi yolembedwa pa mpope wa mfuti. Ukawomba koma mfuti osalira, loza kutali ndi anthu, dikira theka la mphindi, kenaka utsegule.

Chilolezo cha mfuti sichikupatsa nyama. Kuyambira 2016, bungwe la ZAWA litatha, za nyama zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, likulu lawo ku Chilanga, motsata lamulo la nyama zakutchire la 2015. Ndiwo amapereka chilolezo chosakira, chotchula nyama ndi dera, kaya Mumbwa, Rufunsa kapena kuno ku Lupande. M'paki ya Kafue simusakidwa. Anzakowo afunse akuonetse mapepala awo. Akayamba kuzungulira, dziwa kuti akufuna nyama yokagulitsa mobisa m'komboni, ndipo akagwidwa panjira, iwe wonyamula mfuti ya kampani ndiwe woyamba kutaya ntchito ndi kulowa m'ndende. Ana ako atatu adzadya chiyani?

Uyambe ku Chilanga ndi kupolisi. Mapepala akatuluka, bwera kuno, ndikakuphunzitse kuwombera ndi kulondola mapazi ndidakali ndi maso. Undipatsire moni apongozi ndi adzukulu anga.

Ndine malume ako.