Pantoni Idali Tsidya Lina

Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambi umenewu umakoma m'kamwa mwa ife amene mwezi ukatha timakwera minibasi n'kukagona kumudzi. Koma alipo ena amene umawalasa ngati minga: anthu aja adathawa kwawo chifukwa chomenyera ufulu wa kwawo komweko. Mmodzi mwa iwo ndi Henry Masauko Chipembere.

Ine kwathu ndi kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndili mwana m'zaka za m'ma 1980, dzina la Chipembere silinkatchulidwa dzuwa likuswa mtengo. Agogo akafuna kunena za iye ankayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kunong'ona kuti "mwana wa wansembe wa ku Malindi uja". Poyera, anthu otere ankangotchedwa zigawenga. Kuthawa kwawo tinkakudziwa, pakuti anzathu a ku Mozambique ankafika m'midzi yathu mitolo ili pamutu, nkhondo itawapirikitsa. Sitinkadziwa kuti nalonso dziko lathu lidali ndi ana ake ogona kwa eni.

Chipembere adabadwa mu 1930. Ataphunzira ku Fort Hare, ku South Africa, adalowa m'Nyumba ya Malamulo ya Nyasaland mu 1956 pamodzi ndi Kanyama Chiume, ndipo adavutitsa atsamunda pa nkhani ya chitaganya. Iye adali mmodzi mwa achinyamata amene adaumirira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda abwere kudzatsogolera nkhondo ya ufulu. Banda adafika pa 6 July 1958. Mu 1959 awiriwa adatsekeredwa limodzi kundende ya Gwelo, ndipo mu 1961 Chipembere adamangidwanso mpaka 1963.

Ufulu udabwera pa 6 July 1964, koma pasanathe miyezi itatu nduna zidasemphana ndi Banda. Chipembere, yemwe adali nduna ya maphunziro, adatula pansi udindo pogwirizana ndi anzake ochotsedwa, ndipo posakhalitsa adalowa m'tchire. Usiku wa pa 12 February 1965 adatsogolera anthu pafupifupi 200 kukalanda Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, kenako adalunjika ku Zomba, likulu la nthawiyo. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Ulendo udathera pomwepo.

Masiku ano ndikamachokera kuntchito kupita kwathu, kudzera ku Ntaja ndi ku Nselema, galimoto imawoloka pa Liwonde m'kamphindi chabe. Ndimayang'ana madziwo n'kudabwa kuti mtsinje wopapatiza chotere udalekanitsa munthu ndi dziko lake mpaka imfa. Sindikunena kuti mfuti idali yankho. Amene adatsala ndiwo adasenza mkwiyo wa boma: anthu ambiri a ku Mangochi adamangidwa, ndipo Medson Silombela adanyongedwa ku Zomba mu 1966.

Chaka chomwecho cha 1965 Chipembere, akuvutika ndi matenda a shuga, adatuluka m'dziko mobisa kupita ku America. Mu 1966 adapita ku Tanzania, komwe adaphunzitsa pa Kivukoni College ndi kuyesa kusonkhanitsa anzake othawa, koma mu 1969 adabwerera ku America. Munthu amene mawu ake ankagwedeza misonkhano adasanduka mphunzitsi wa mbiri ya Africa ku Los Angeles, kuphunzitsa ana a eni za dziko limene sakadaloledwa kupondamo. Adamwalira pa 24 September 1975 ali ndi zaka 45 zokha.

Msampha wotere sudatchedwe ku Malawi kokha. Ku West Papua, komwe mu 1969 anthu ongopitirira 1,000 osankhidwa ndi boma la Indonesia adavotera tsogolo la mtundu wonse, Benny Wenda adathawa m'ndende mu 2002, ndipo Britain idamulandira mu 2003. Komabe bala la Chipembere lidali lozama mwapadera: iye adathawa boma limene adalimanga ndi manja ake.

Wothawa kwawo amalangidwa kawiri. Choyamba amamuchotsa panthaka, chachiwiri amamuchotsa m'kamwa mwa abale ake. Chilango choyamba chidatha ndi chikhululukiro cha 1993, koma chidapeza mwini wake atagona kalekale. Mayi Catherine Chipembere ndiwo adabwerera, nakhalapo phungu. Chachiwiri sichidathe bwinobwino. Lero kuli msewu waukulu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, koma ndikafunsa adzukulu anga kwa Ngokwe, dzinali amalidziwa ngati la msewu basi.

Agogo ankanong'ona chifukwa cha mantha, ndipo palibe angawadzudzule. Ife tili ndi ufulu wolankhula. Tikapitiriza kukhala chete, ndiye kuti pantoni ija taimangirira tokha tsidya lina.